Funsani a Kiliniki: Kodi mkaka umatsuka mankhwala a kuntchito?

Makalata atatu a mwezi uno akudandaula chinthu chimodzi, matenda obwera ndi ntchito, ngakhale eni ake sadziwana. Yoyambayo ndayiyankha motalika chifukwa yandigunda pamtima. Awiri enanu musaone ngati ndakuchepetsani.

FUNSO: A Dokotala, amuna anga amapopera mankhwala ophera udzu pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, chaka chino ndi cha 11. Mwezi wa June tinaika m'manda mnzawo amene ankapopera naye. Anatupa m'khosi ndi m'khwapa, ndipo ku Queens anati ndi khansa. Pano pa WhatsApp pakuyenda uthenga woti mankhwala amenewa ndiwo amabweretsa khansa. Abambo akunyumba akuti ndisade nkhawa, akaweruka amamwa mkaka ndipo umatsuka m'thupi. Ovolosi yawo ndimachapa ndine, pamodzi ndi zovala za ana. Ndiwauze asiye ntchito? Tili ndi ana anayi, ndipo kamunda kathu ndi kakang'ono. — Mayi wankhawa, Thyolo

YANKHO: Mayi, pepani ndi malirowo. Udokotala mwandipatsawo ndi waulemu chabe, ine ndinali clinical officer, ndipo zaka zambiri ndinazithera pa kiliniki ya esiteti ina kuno ku Mulanje. Ndiyambe ndi mkakawo, chifukwa pamenepa inenso ndili ndi mlandu. Anyamata opopera ankalandira mkaka akaweruka, ine ndikuona, koma osatsegula pakamwa. Mumtima ndinkati bola akumwako chakudya chabwino. Chimene sindinachiganizire n'chakuti munthu akakhulupirira kuti kapu ya mkaka yamutsuka, kusamba amakuona ngati kutaya nthawi. Ena ankafika pa kiliniki madzulo ovolosi ili yonyowa kumsana, fungo la mankhwala lili guu, koma mtima uli m'malo poti amwa mkaka.

Mkaka ndi chakudya basi. Ukamwedwa umapita m'mimba, pomwe mankhwala ambiri a munthu wopopera amalowera pakhungu. Amalowera kumsana sipuleya ikamadontha pachivindikiro, m'manja pothira mankhwala osasungunula m'thanki, m'miyendo poyenda mu udzu wongopoperedwa kumene. Pali malo enanso amene abambo sakonda kuwatchula, koma poti mwafunsa ndinu akunyumba, ndinena. Khungu la m'mphechepeche ndi la kumaliseche limamwa mankhwala kuposa la pamkono kangapo konse. Munthu amene wagwira mankhwala, n'kupatuka kukataya madzi kuseri kwa mtengo osasamba m'manja, wadzipaka pamalo oopsa kwambiri. Opopera ayenera kusamba m'manja asanataye madzi, osati pambuyo pokha.

Tsopano za khansazo. Dzina la mankhwala simunatchule, koma uthenga wamtundu umenewo umanena za glyphosate, amene ambiri timawadziwa ndi dzina la Roundup. Ku Lyon, m'dziko la France, kuli bungwe lotchedwa IARC, lomwe ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa. Akatswiri ake amaika zinthu m'magulu. Gulu 1 ndi la zinthu zomwe umboni wake ndi wokwanira kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, monga fodya, mowa, asibesitosi (mwala wa timaulusi umene umapezeka m'malata otuwa akale) ndi utsi wa dizilo. Gulu 2A ndi la zinthu zomwe zikuoneka kuti zimayambitsa, koma umboni wochokera pa anthu ndi woperewera. Mu March 2015 anaika glyphosate mu 2A, pamodzi ndi mankhwala ophera tizilombo a malathion ndi diazinon. Khansa imene ankaikayikira ndi non-Hodgkin lymphoma, yomwe imagwira anabele, timabulu tija timatupa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche.

Apa ndi pomwe uthenga wa pa WhatsApp umathera, koma nkhaniyo imapitirira. Ku America anatsatira anthu opopera oposa 54,000 a ku Iowa ndi North Carolina kwa zaka zambiri, ndipo zomwe anasindikiza mu 2018 sizinaonetse kuti opopera glyphosate amadwala khansa imeneyi kuposa anzawo. Mayiko a European Union mu 2023 analoleza mankhwalawa kwa zaka zina 10. Komabe mu 2018 khoti la ku California linagamula kuti Dewayne Johnson, amene ankapopera m'mabwalo a sukulu n'kudwala lymphoma, apatsidwe madola 289 miliyoni, ngakhale ndalamazo anadzazichepetsa kwambiri pambuyo pake. Mukuona kuti akatswiri eni ake akukokanakokana.

Maganizo anga ndi awa. Alimi ambiri a ku Iowa aja amapopera ali pa thirakitala, ndipo akafika kunyumba amapeza madzi a m'mpopi. Amuna anu amabereka malita 15 kapena kuposerapo kumsana, n'kumakwera nawo mtunda dzuwa la October likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu. Khungu lotentha ndi lonyowa limamwa mankhwala msanga. Choncho zotsatira za ku America sizikundigonetsa tulo, koma uthenga woti aliyense wopopera afa ndi khansa nawonso ndi bodza.

Chinthu china chimene chimapusitsa anthu ndi mzere wa mtundu umene umakhala m'munsi mwa lebulo: wofiira, wachikasu, wabuluu kapena wobiriwira. Mzerewo umanena za mphamvu ya poizoni ya nthawi yomweyo, kuti ukamwa kapena kudzithira lero uvulala bwanji lero lomwe. Sunena kanthu za zimene zingachitike patatha zaka 20. Ndamvapo akapitawo akuuza anyamata kuti awa ndi obiriwira, mutha kupopera ngakhale pachifuwa pali pamtunda. Ayi ndithu.

Za mnzawo uja, palibe makina, ku Queens kapena ku London, amene angayeze chotupa n'kunena kuti ichi chinabwera ndi sipuleya. Lymphoma imagwiranso anthu amene sanakhudzepo mankhwala a kumunda, ndipo kuno kwathu nthawi zambiri imayenda ndi HIV. Anabele otupa m'khosi kawirikawiri amakhala TB. Chimene mungatengepo n'chakuti mwanabele akatupa n'kukhala masabata atatu osaphwa, makamaka ngati sakupweteka, munthu akutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda, kapena lamba wayamba kukhwepa, apite kuchipatala. Asadikire kutemera kaye. Lymphoma ikapezeka msanga, mankhwala ake amathandiza ndithu.

Nanga asiye ntchito? Ine sindingawauze kuti asiye chifukwa cha uthenga wa pa foni, ana anayi ali pakhomo. Njala ndiyo imapha msanga kuposa. Koma mmene akugwiriramu musinthe, ndipo zina mwa zosinthazo zili m'manja mwanu, mayi. Ovolosi ija isakumanenso ndi zovala za ana. Ikhale ndi beseni lakelake, muichape mutavala magolovesi, madzi ake mukhuthule m'dzenje kutali ndi chitsime, ndipo isagone m'chipinda chomwe mumagona. Kunena zoona, ovolosi ya wopopera siyenera n'komwe kubwera kunyumba, iyenera kuchapidwa kuntchito komweko. Abambo asambe ndi sopo thupi lonse asananyamule mwana kapena kugwira nsima. Chigubu chomwe munali mankhwala chisasanduke chotungira madzi kapena chosungira thobwa, ngakhale mutachitsuka kakhumi. Ndikudziwa kuti zigubu zimenezi n'zolimba ndipo zimakopa, ndaziona pa mijigo yambiri kuchokera ku Chitakale mpaka ku Muloza.

Kuntchitoko, sipuleya yodontha aibweze kusitolo m'mawa womwewo, asamange chiguduli pachivindikiro. Pothira mankhwala osasungunula ndi pomwe pali ngozi yaikulu, chifukwa kadontho kamodzi apo kamaposa nkhungu ya m'munda; apa magolovesi a labala aatali asasowe. Magolovesi a nsalu kapena a chikopa amamwa mankhwala n'kuwasunga pakhungu tsiku lonse, bola kukhala opanda. Miyendo ya ovolosi ikhale kunja kwa gambusi kuti mankhwala asatsikire m'kati. Kamasiki ka pepala kaja tinkavala nthawi ya Covid kamatchinga fumbi pang'ono, koma kakanyowa ndi mankhwala kamasanduka chiguduli cha poizoni pamphuno. Nozo, kabowo kotulukira mankhwala pa sipuleya, ikatsekeka asaipemerere ndi pakamwa. Izi ndinkaziona sabata ndi sabata.

Zovala zimenezi si mphatso ya bwana. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limalamula olemba ntchito kupereka zodzitetezera kwa amene akugwira zinthu zovulaza, wantchito osalipira kanthu. Ngati sizikuperekedwa, kapena zang'ambika ndipo sakusintha, njira yabwino ndi kudzera kwa woimira antchito wa bungwe la antchito a m'maesiteti la PAWUM, kapena ku ofesi ya zantchito pa boma. Munthu mmodzi akadandaula yekha amaoneka wovuta, koma gulu lonse la opopera likalankhula pamodzi amalimvera. Ndipo mwina simudziwa kuti a Pesticides Control Board, amene amaloleza mankhwala onse ophera tizilombo ndi udzu m'dziko muno potsata lamulo la 2000, ali ndi ofesi ku Bvumbwe, m'boma lanu lomwelo. Mankhwala opanda lebulo, kapena ogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa pamsika, ndi nkhani yawo.

Ndatsala ndi chimodzi, ndipo pa zonse ndanenazi ndi chimene ndikanakonda ndikanawauza anyamata anga kalelo. Khansa yochokera kuntchito sifulumira. Imatenga zaka 10, 20, nthawi zina 30. Pofika nthawi imeneyo munthu anapuma kalekale, kapitawo wake anamwalira, ndipo esiteti mwina inagulidwa ndi ena. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limavomereza chipukutamisozi pa matenda ena obwera ndi ntchito, osati pa ngozi zokha, koma popanda pepala mlandu suyenda. Ndinalandirapo bambo wina wachikulire amene anapopera zaka zambiri ngati wa sizoni. Nditamufunsa mayina a mankhwala anati, "Ena anali oyera ngati mkaka, ena onunkha." Zinathera pomwepo. Choncho gulani kope la 40 peji. Abambo azikopera dzina la mankhwala monga lalembedwera pa chigubu, makamaka dzina laling'ono lija lili pansi pa dzina lalikulu, mwezi ndi chaka, ndi tsiku lililonse lomwe sipuleya inawathira kumsana kapena anamva chizungulire. Ali ndi foni ajambule lebulo. Mapepala a malipiro musayatsire moto. Akapita kuchipatala, ngakhale ndi malungo, apemphe kuti m'kabuku kawo ka kuchipatala alembemo kuti ntchito yawo ndi yopopera, ndi chaka chomwe anayamba. Mkaka apitirize kumwa ngati ulipo, ndi wabwino ku mafupa.

FUNSO: Ndine mnyamata wa zaka 23, ndimaphunzira kuwotcherera ndi umakaniko pa galaja ina ku Luchenza. Tikamaliza ntchito timasamba m'manja ndi petulo chifukwa sopo sachotsa girizi. Masiku ena ndikawotcherera mapaipi oyera aja, usiku ndimamva kuzizidwa ngati malungo, m'mawa zatha. Abwana akuti ndi zachibwana, thupi lizolowera. Kodi n'zoona? — Wophunzira ntchito, Luchenza

YANKHO: Achimwene, mungadabwe, koma pa nkhani ya khansa ntchito yanu ili ndi umboni wolimba kuposa ya abambo opopera aja. Mu petulo muli mankhwala otchedwa benzene, amene ali mu Gulu 1 ndipo amayambitsa khansa ya m'magazi yotchedwa leukaemia. Amalowa popuma komanso pakhungu. Kusamba ndi petulo, kuyamwa paipi pokhuthula mafuta m'thanki, kutsukira zitsulo m'beseni la petulo m'chipinda chotseka, zonsezi ndi kudzimwetsa benzene. Girizi amachoka bwino mukayamba mwapaka mafuta ophikira pang'ono, kenaka sopo wa ufa ndi madzi. Yesani mawa, mudzandiuza.

Utsi wa dizilo a IARC anauika mu Gulu 1 mu 2012, ndipo utsi wa kuwotcherera mu 2017, onse chifukwa cha khansa ya m'mapapo. Lole ikamalira m'galaja zitseko zili zotseka, nonse muli m'katimo mukupuma utsiwo. Itulutseni panja, kapena mchira wake uloze kunja. Powotcherera, mutu wanu usakhale pamwamba pa utsi. Khalani mbali yomwe mphepo ikuchokera. Kuzizidwa kwa usiku kuja ndi utsi wa zinc, chitsulo chimene amakutira mapaipi a galata. Kumatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri ndipo pakokha si khansa, koma kukuuzani kuti mukumeza utsi wambiri. Abwana anu akanena kuti thupi lizolowera, pang'ono akunena zoona: kuzizidwako kumachepa pakati pa sabata, n'kubwereranso Lolemba mukapuma Lamulungu. Chimene chimazolowera ndi kuzizidwa, mapapo ayi. Kunonso mumva za mkaka, owotcherera amaukhulupirira kwambiri. Yankho lake ndi lomwe ndawapatsa mayi aja.

Kansanza ka oyilo kaja musamaike m'thumba la thalauza. Oyilo wakuda wochoka mu injini ali ndi zinthu za mtundu womwewo ndi za mu mwaye, ndipo khansa yoyamba kudziwika kuti imachokera kuntchito inali ya pamenepo. Mu 1775 dokotala wina wa ku London, Percivall Pott, anaona kuti amuna amene ankasesa machumuni kuyambira ali ana ankadwala khansa ya khungu la kumaliseche chifukwa cha mwaye wokanirira pamenepo. Ndinawerenga nkhaniyi ndili pasukulu, koma ndinaimvetsa tsiku lomwe ndinaona makaniko wa mathirakitala thumba lake lakumanja lili bii, lonyowa oyilo mpaka m'kati. Kachilonda ka pakhungu kosapola kwa mwezi, pamanja kapena kumusi, kakaonetsedwe, manyazi asakugwireni. Ngati mumasuta, dziwani kuti fodya pamwamba pa utsi wa galaja ndi katundu wawiri pa mapapo omwewo. Pa zaka 23 kusiya n'kosavuta kuyerekeza ndi pa 40.

FUNSO: Ndapeza ganyu yosasula denga la nyumba zakale za antchito, malata ake ndi a simenti aja otuwa. Bambo anga, amene anagwirapo pa mgodi wina wa asibesitosi ku Zimbabwe m'ma 1970, andiletsa. Iwowo pano akubanika, ndipo amwa mankhwala a TB kawiri osasintha. Kodi akungondiopseza? — Mwana wa mtchona, Mulanje

YANKHO: Sakukuopsezani, amvereni. Malata otuwa akalewo ambiri ali ndi asibesitosi. Akakhala padenga osakhudzidwa savuta kwenikweni. Ngozi imabwera powaswa, powacheka ndi galainda, powaboola, ndi posesa fumbi lake louma. Timaulusi take sitioneka ndi maso, ndipo tikalowa m'mapapo timakhazikika. Timayambitsa khansa ya m'mapapo ndi ina yotchedwa mesothelioma, ya kachikopa kokuta mapapo, yomwe dokotala J.C. Wagner ndi anzake anailumikiza ndi asibesitosi mu 1960 ataona odwala a kumigodi ya ku Northern Cape, ku South Africa. Imaonekera patapita zaka 20 mpaka 40, nthawi zina kuposa. South Africa inaletseratu asibesitosi mu 2008.

Ngati ganyuyo simungaikane, nyowetsani malatawo kaye, masulani mabawuti m'malo mothyola, tsitsani limodzilimodzi lathunthu osaponya pansi, ndipo galainda isayandikire. Pamafunika masiki yeniyeni yogwira bwino kumaso, ya P3, yomwe wokulembani ganyu ayenera kugula. Zovala za tsikulo zisalowe m'nyumba. Zidutswa zake musapatse anthu kuti akafolere khola kapena kukwirira maenje a pamsewu, ndipo ana asaseweretse.

Koma amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi bambo anuwo. Amalawi ambiri anagwira m'migodi ya asibesitosi ya ku Zvishavane ndi Mashava ku Zimbabwe, ndipo mapapo owonongeka ndi fumbi la kumgodi pa X-ray amatha kusokonezeka ndi TB. Ndalama za Tshiamiso Trust zomwe mumamva pa wailesi ndi za amene anagwira m'migodi ina ya golide ku South Africa n'kudwala silicosis (matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la miyala) kapena TB, za asibesitosi wa ku Zimbabwe sizilimo, choncho wina asakudyereni ndalama kuti akulembetsani. Apititseni ku chipatala cha boma sabata ino, mutenge kabuku kawo ndi zithunzi zonse za X-ray zakale. Asanayambe kufotokoza za chifuwa, inu munene kaye kuti anagwira mu mgodi wa asibesitosi, zaka zakutizakuti, ndipo amwa mankhwala a TB kawiri. Mupemphe kuti zimenezo zilembedwe, komanso kuti ngati n'kotheka awatumize ku Queens akaonedwe ndi a zamapapo.